Kukonza Giyabokosi ya Pikapu Pakhomo ku Romford

Makaniko akakuuzani kuti giyabokosi yafa, nthawi zambiri satanthauza kuti zonse za m'kati mwake zatha. Mwa zitsulo zambirimbiri zimene zili m'menemo, zimene zimadyeka msanga ndi zochepa, ndiponso ndi zing'onozing'ono: mabeyaring'i, mphete za mkuwa zothandiza giya kulowa mosakhulana, ndi masilu otsekera oyilo. Magiya enieniwo ndi mashafuti amatha zaka zambiri ali bwinobwino. Choncho wokonza giyabokosi amafunika makutu omvera pamene pakudwala, zipangizo zoyezera, ndi dongosolo loti chilichonse chibwerere pamene chinachoka. Mphamvu zimafunika masiku awiri okha, lotsitsa ndi lokweza. M'nkhani ino ndifotokoza mmene ndinagwirira ntchitoyi pa Toyota Hilux ya dizilo ya mu 2008, pakhomo pamene ndimakhala ku Romford, kum'mawa kwa London, ndipo ndigwiritsa ntchito mawu amene amakaniko a kwathu amalankhula.

Choyamba ndinene chimene chinandikakamiza. Pa 29 Ogasiti 2023, dera la ULEZ, m'mene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipiritsidwa, linakulitsidwa n'kufika m'maboma onse a London, kuphatikizapo Havering, boma limene Romford ilimo. Galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa Euro 6 imalipira £12.50 tsiku lililonse limene yayenda. Kuyenda nayo masiku asanu ndiye kuti £62.50 yapita sabata imeneyo, usanathire n'komwe mafuta. Pikapu yanga inasanduka mlendo wodya osalima. Koma ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, achimwene anga amalima mbatatesi ndi kabichi, ndipo gawo lalikulu la phindu lawo limathera kwa eni galimoto zahayala zopita ku msika. Popeza ku England ndi ku Malawi timayendetsa mbali imodzi ya msewu, ndipo chiwongolero chili kumanja konsekonse, tinagwirizana kuti ndiitumize kumudzi.

Vuto linali lakuti inali ndi matenda awiri. Inkalira ikamayenda, ndipo giya yachiwiri inkakhula polowa. Galimoto yotsika sitima ku Dar es Salaam imayenda yokha makilomita oposa 900 kuti ikafike pa chipata cha Songwe, kukwera phiri la Kitonga panjira, kenako ikalowa m'Malawi ikakumane ndi zitunda za Chiweta. Sindinafune kutumizira achimwene ngongole yokhala ndi matayala. Magalaja a kuno sakonda kuphwasula giyabokosi, chifukwa malipiro a maola amene ntchitoyi imadya amaposa mtengo wa zipangizo zake. Amangochotsa yakaleyo n'kuikapo yokonzedwa kale, kapena yogula kumalo ophwasulira galimoto zakufa. Yokonzedwa kale inali yodula pafupifupi ngati pikapuyo. Yogula pasikirapu ndi chikomekome cha mkuyu, simudziwa chimene chili m'kati. Makaniko wa ku Biwi ku Lilongwe kapena wa ku Ndirande ku Blantyre sakanaganiza kawiri, akanaitsegula basi. Ndinatsatira nzeru imeneyo.

Zimene zili m'kati

Hilux imeneyi ili ndi giyabokosi yotchedwa R151F, ya magiya asanu opita kutsogolo ndi rivesi. M'kati mwake muli mashafuti atatu. Yolandira mphamvu imachokera ku kilatchi. Yotulutsa mphamvu ili kumbuyo kwa yolandirayo, pamzere umodzi, ndipo nsonga yake imalowa m'mphako ya inzakeyo, mokhala pa timabeyaring'i tating'ono. Yachitatu ili pansi pa ziwirizi, ndipo ili ndi magiya osiyana kukula osulidwa pachitsulo chimodzi. Mphamvu imatsika kuchoka pa yolandira kupita pa yapansi, n'kukweranso kupita pa yotulutsa kudzera pa magiya awiri amene woyendetsa wasankha.

Anthu ambiri amaganiza kuti posintha giya timakankha mano a giya ina kuti alowe m'mano a inzake. Zimenezo zimachitika pa rivesi. Magiya opita kutsogolo amakhala olumana nthawi zonse, kungoti imodzi pa ziwiri zilizonse imazungulira payokha, osagwira shafuti yake. Chimene dzanja lanu limakankha ndi foloko, ndipo folokoyo imakankha khoza lachitsulo lokhala ndi mano m'kati. Khozalo likatsetsereka n'kuvala timano tating'ono ta m'mbali mwa giya, giyayo yamangirirana ndi shafuti.

Koma khoza ndi giya zimakhala zikuzungulira pa liwiro losiyana. Pakati pake ndi pamene pamakhala mphete ya mkuwa ija, imene amakaniko amati sinkulo. Khoza lisanafike pa timano, limayamba lakanikiza mpheteyo pa phewa losongoka la giya, ndipo mpheteyo imagwira ngati buleki mpaka ziwirizo zifanane liwiro. Pamenepo m'pamene imapereka njira. Nzeru imeneyi inayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1928, ndipo mwini wake anali Earl A. Thompson. M'kati mwa mpheteyo muli timizere tosongoka todula oyilo kuti mkuwa ugwire chitsulo. Timizereto tikafafanizika, mpheteyo imangoterera, ndipo timano timagundana. Kukhula kumene mumamva ndi kumeneko.

Pa R151F giya yoyamba imachepetsa liwiro ka 4.313, yachiwiri 2.330, yachitatu 1.436, yachinayi 1.000 ndipo yachisanu 0.838. Kutanthauza kuti injini ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, shafuti yotulutsa imazungulira ka 464 kokha m'giya yoyamba, koma ka 2,387 m'giya yachisanu. Sungani nambala ya giya yachinayi ija. M'giya imeneyi shafuti yolandira ndi yotulutsa zimangomangirirana kukhala ngati chitsulo chimodzi, ndipo yapansi imazungulira yopanda katundu.

Kumvetsera musanamasule bawuti

Giyabokosi ikakhala pa tebulo silankhulanso. Zonse zimene ingakuuzeni imakuuzani ikadali m'galimoto, choncho ndinatha madzulo angapo ndikungomvetsera ndi kulemba m'kope.

Injini ikulira, giya ili pa nyutulo, phazi lili pambali. Ngati mukumva kulira kumene kumatha mukaponda kilatchi, vuto lili m'giyabokosi, chifukwa kupondako kwaimitsa mashafuti. Ngati kulirako kumayamba mukaponda, ndi beyaring'i yokankha kilatchi, ndipo giyabokosi ilibe mlandu. Pamsewu, yanga inkalira m'giya iliyonse kupatula yachinayi. Apa ndi pamene nambala ija imathandiza: phokoso lotha m'giya yachinayi limaloza mabeyaring'i amene amapuma mphamvu ikamadutsa molunjika, makamaka a shafuti yapansi ndi a yolandira. Kukhula nako kuli ndi malamulo ake. Giya imodzi yokha ikamakhula, ndi sinkulo yake. Zonse zikamakana, rivesi ndi yomwe, kilatchi sikulekerera bwino, ndipo muyambe mwaona mafuta ake ndi timapampu take musanaganize zotsitsa chilichonse. Giya yodumpha yokha, makamaka potsetsereka, imasonyeza timano todyeka, foloko yotha, kapena sipuling'i yofooka. Ndipo ndodo ya giya ikamagwedera ngati mthiko mumphika wopanda kanthu, pa Toyota nthawi zambiri ndi kampando kapulasitiki kamene ndodoyo imakhalapo, kamene mungasinthe muli m'galimoto momwemo pa theka la ola.

Ophunzira chinenero angaone kanthu apa. Mayina a zitsulozi pafupifupi onse ndi obwereka, ndipo ambiri amagwa m'gulu limodzi: giya yanga, shafuti yapindika, beyaring'i yatha, koma zikachuluka zimatenga ma-, n'kukhala magiya anga, mashafuti apindika. Aneni okha ndi athuathu. Giya imakana, imadumpha, imalira. Chitsulo chimadyeka. Bawuti timamanga ndi kumasula monga mtolo wa nkhuni. Makaniko amafotokoza galimoto ngati chiweto chodwala, ndipo kafotokozedwe kameneka kamalozadi pamene pali vuto.

Umboni womaliza uli mu oyilo. Masulani kaye chotsekera chothirira musanamasule chokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti pothirira pakana. Pa maginito a chotsekera chapansi, phala lotuwa losalala ndi lachibadwa. Tizidutswa tokhakhala pachala ndi beyaring'i kapena dzino. Oyilo wonyezimira ngati muli fumbi la golide ndi mkuwa wa sinkulo. Wanga anali ndi zonse ziwiri, tizidutswa ndi fumbi.

Kutsitsa

Ndinadziwitsa a DVLA kuti galimoto yaima kaye, zimene kuno amati SORN, ndipo izi zimaloledwa pokhapokha ili pamalo a munthu, osati mumsewu. Inaima pabwalo la kutsogolo kwa nyumba. Inali nyengo yozizira, pamene dzuwa la ku London limalowa 4 koloko isanakwane, kotero ntchito ya pansi pa galimoto inali ya Loweruka ndi Lamlungu m'mawa.

Chotsani batire. Ikani galimoto pa masitandi anayi pamalo olimba, chifukwa jeke ndi wokwezera chabe, ndipo munthu salowa pansi pa galimoto yodalira jeke. Musanamasule mapulopushafuti, lembani chizindikiro cha penti pamene akumanirana, kuti abwerere momwemo, apo ayi galimoto idzanjenjemera. Kapampu ka kilatchi kamasuleni n'kukapachika pambali osatsegula paipi yake. Zotsala ndi sitata, mawaya, ndodo ziwiri za m'kati, mtanda wonyamula giyabokosi, ndi mabawuti ozungulira injini. Apamwamba mumawafikira kuchokera kumbuyo, mutalumikiza zitsulo zotalikitsira sipanala, giyabokosi itaweramitsidwa pang'ono.

Pa pikapu yokoka matayala onse anayi, kumbuyo kwa giyabokosi kuli tilansifa, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Ziwirizi pamodzi zimalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo kulemerako kumapendekera mbali imodzi. Ndinabwereka jeke wokhala ndi mbale ndi tcheni chomangira, ndipo tinali anthu awiri. Ikokereni kumbuyo molunjika mpaka shafuti ituluke yonse m'kilatchi, kenako muitsitse.

Kuphwasula ndi kuyeza

Tsukani kunja kaye. Mchenga umodzi wolowa m'beyaring'i yatsopano umafupikitsa moyo wake. Ine ndinayala makatoni patebulo lalitali m'kashedi, ndipo chilichonse chimene ndinachotsa ndinachiika motsatana kuyambira kumanzere, mbali yoyang'ana kutsogolo kwa galimoto ili m'mwamba. Ndinkajambula ndi foni ndisanachotse komanso nditachotsa. Mabawuti ndinawabaya pa katoni yojambulidwa chithunzi cha bokosilo, popeza ndi osiyana kutalika. Buku la Toyota la giyabokosi imeneyi linali lotsegula pambali nthawi yonse.

R151F inapangidwa mokomera wokonza. Pakati pake pali chimbale chokhuthala chimene chimagwira mashafuti onse. Mukachotsa chikuto chakumbuyo ndi chakutsogolo, mumatsala ndi chimbalecho, magiya onse ali poyera. Chimangeni pa vayisi mutateteza nkhope yake kuti isakandike, chifukwa pamenepo ndi pamene pamatseka oyilo. Giya yachisanu ili payokha kumbuyo kwa chimbale, ndipo imafuna chokokera magiya. Osaitema ndi hamala.

Malo ofunika kudekha kwambiri ndi pa ndodo za mafoloko. Ndodo iliyonse imagwidwa ndi kampira kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i, ndipo n'kamene kamachititsa kuti giya imveke kuti yalowa. Pakati pa ndodozo, m'timabowo tobisika m'chimbale, muli timapini toletsa magiya awiri kulowa nthawi imodzi. Timapini timeneti n'tating'ono ngati njere za mpunga ndi nyemba, ndipo timasiyana kutalika. Titulutseni ndi maginito, kamodzikamodzi, n'kukamata pa pepala pamene mwajambula malo ake. Kamodzi kakasowa, tsiku lina magiya awiri adzalowa pamodzi galimoto ikuthamanga, ndipo matayala adzauma pomwepo.

Musanachotse magiya pa shafuti yotulutsa, yezani mpata umene giya iliyonse imasewera cham'mbali. Chida chake ndi filageji, timalilime tachitsulo tolembedwa makulidwe ake. Mipata imeneyi imawerengedwa m'zigawo za milimita, ndipo diso silingaione. Lembani zimene mwapeza pafupi ndi zimene buku likunena. Mukadzamanganso, manambala amenewa ndi amene adzakuuzeni ngati zonse zakhala m'malo.

Sinkulo imayesedwa pawiri. Ikanikizeni pa phewa la giya yake n'kuyesa kuipotokola ndi dzanja. Yabwino imaluma n'kukana kuzungulira. Kenako yezani mpata wotsala pakati pa mphete ndi timano ta giya. Mphete ikamadyeka imalowa mozama, ndipo mpatawo umachepa mpaka kutheratu. Ya giya yachiwiri pa pikapu yanga inkazungulira ngati chibangili, mpata utangotsala pang'ono kutha. N'zosadabwitsa kuti imeneyi ndiyo imayamba kufa, popeza m'misewu yodzaza ngati ya kuno dzanja limangokhalira pakati pa yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu. Yang'ananinso timano ta m'mbali mwa giya ndi m'kati mwa khoza. Tiyenera kukhala tosongoka ngati denga la nyumba. Tikakhala tobulungira, mphete yatsopano siithandiza, pafunika giya ndi khoza zina, ndipo apa m'pamene mtengo umakwera. Tanga tinali tidakali tosongoka. Foloko iikeni mumpata wake pa khoza, ndipo isasewere kuposa milimita imodzi.

Beyaring'i itsukeni ndi palafini, idonthezereni oyilo, muizunguze pafupi ndi khutu. Yakutsogolo ya shafuti yapansi inkamveka ngati muli mchenga, ndipo njira ya timipira take inali ndi timaenje. Imeneyo ndiyo inkalira. Komabe ndinasintha mabeyaring'i onse akuluakulu, mphete zonse ndi masilu onse. Maganizo anga ndi akuti zinthu zimene zasamba oyilo mmodzi wokhala ndi tizidutswa ta chitsulo zavulala pamodzi, ndipo kusiya imodzi pofuna kupulumutsa ndalama zochepa n'kuitana ntchito yonseyi kachiwiri, ulendo uno ku Tsangano. Pogula, perekani nambala ya chesesi ya zilembo 17. Giyabokosi ya dzina limodzi inasinthidwa m'kati pa zaka zosiyanasiyana, ndipo m'zatsopanopo sinkulo ina ndi ya zidutswa zitatu zolowana m'malo mwa mphete imodzi.

Chinthu chimodzi sichitheka pakhomo popanda chida chake. Mabeyaring'i ndi zitsulo zimene makoza amatsetserekapo zimalowa pa shafuti mothina kwambiri, ndipo zimafuna pulesi. Mwayi wa Romford ndi woti ili pafupi ndi Dagenham, kumene fakitale ya Ford inatsegulidwa mu 1931. Ngakhale inasiya kupanga galimoto zathunthu mu 2002, dera lonseli lidakali ndi timashopu tosula zitsulo ndi akuluakulu odziwa ntchito ya injini. Ndinanyamula mashafuti kupita nawo ku kashopu kena ku Rainham. Bambo wachikulire wa pamenepo anakanikiza zonse ine ndikumupatsira chimodzichimodzi motsatira zithunzi. Lamulo la pulesi ndi limodzi: polowetsa beyaring'i pa shafuti, kanikizani mphete yake yam'kati, chifukwa mphamvu ikadutsa m'timipira, yatsopanoyo yawonongeka isanagwire ntchito.

Kumanganso

Chilichonse chozungulira chipakeni oyilo wa giya musanachiike. Mphete ya sinkulo ili ndi timipata timene tiyenera kukumana ndi timakiyi ta pansi pa khoza, ndipo muzionetsetsa zimenezi pamene pulesi ikutsika. Makoza nawo ali ndi kutsogolo ndi kumbuyo.

Pali chinthu china chimene ambiri amachidumpha. Masekilipu, timphete totsekera beyaring'i pa shafuti, amagulitsidwa m'makulidwe osiyana pang'onopang'ono, ndipo aliyense ali ndi chizindikiro chake. Mumasankha wokhuthala kwambiri amene angalowe mumpata. Wopyapyala amasiya shafuti ikusewera, ndipo kusewerako ndi kumene kumadzadumphitsa giya pakapita miyezi. Pambuyo pake bwerezani miyezo ija ya filageji. Timapini tibwerere m'mabowo ake ndi kagirisi pang'ono kotigwira. Musanatseke bokosi, lowetsani giya iliyonse ndi dzanja mukuzunguza shafuti, kenako yesani dala kulowetsa ziwiri. Zikakana, mwamanga bwino.

Zikuto za giyabokosi imeneyi zimatsekedwa ndi phala lomatira. Palani lakale lonse, pukutani mafuta, ndipo ikani kamzere kopyapyala, chifukwa lochuluka limafinyikira m'kati n'kukatseka njira za oyilo. Mabawuti amangeni ndi sipanala yoyeza mphamvu, molingana ndi buku. Bokosilo ndi la aluminiyamu, ndipo mazinga ake sachedwa kupululuka.

Popeza giyabokosi inali pansi, ndinasinthiratu kilatchi yonse, kabeyaring'i ka pakati pa fulayiwilo ndi silu ya kumbuyo kwa injini. Pokweza, shafuti iyenera kulowa yokha mpaka nkhope ziwiri zikumane. Ikatsala pang'ono n'kukana, igwedezeni, zunguzani shafuti yakumbuyo giya ili m'kati, koma osaikoka ndi mabawuti, mungaswe chikuto. Oyilo wake ndi 75W-90, malita awiri ndi pang'ono, mpaka ayambe kutuluka pa bowo lothirira galimoto ili pamalo osapendekera. Buku limalola wa GL-4 kapena GL-5. Ine ndinasankha GL-4, amene amakaniko ambiri amamukonda pa masinkulo a mkuwa. Oyilo wakale ndinakamusiya ku malo a khonsolo olandirira zinyalala ku Gerpins Lane, kufupi ndi Upminster, popeza kumuthira mu ngalande ndi mlandu.

Ntchito yonse inatenga masabata atatu. Nditabwezeretsa msonkho wa pamsewu, ndinalipira £12.50 ija n'kukaiyesa pa A12, kenako pa chitunda chokwera ku Havering-atte-Bower, kumene ndinatsika ndi giya yachiwiri ndi yachitatu phazi lili pambali kuti ndione ngati idumphe. Sinadumphe, ndipo kulira kuja kunatha. Masinkulo atsopano amalimba pang'ono m'mawa kukazizira, ndipo amafewa pakapita masiku. Pobwera ndinaiimika pa katoni yoyera usiku wonse, m'mawa osapezapo dontho.

Isanapite ku doko la Tilbury, ndinadzaza gawo la kabuku ka V5C lodziwitsa a DVLA kuti galimoto yatuluka m'dziko. Kuseri kwa mpando ndinaikako botolo la oyilo wa giya, mabeyaring'i akale amene anali adakali abwino, ndi kope lija la miyezo, kuti makaniko wa ku Ntcheu adzayambire pamenepo. Achimwene ndinawalembera kuti: "Ikangofika mukhetse oyilo wa giyabokosi, muone maginito, ndipo munditumizire chithunzi. Woyendetsa wanu mumuuze kuti asamagoneke dzanja pa ndodo ya giya, zimadya foloko. Mukadzaza mbatatesi, pa chitunda musakakamire giya yachisanu, tsitsani msanga ku yachinayi."